Tsiku Limene Tinatsekera Thirakitala pa Munda wa Malemu

Munda umene ndikunenawu uli kunja kwa Leicester, kupitirira pamene basi imathera, ndipo munthu umayendanso wapansi kudutsa pakati pa minda ya tirigu. Tinaubwereka kwa mzungu wina mlimi, ife Amalawi a m'matauni atatu: ife a ku Leicester, anzathu a ku Derby ndi a ku Corby. Tinaugawa zigawozigawo, banja lililonse kachigawo kake, n'kumadzalamo chimanga choyera, maungu, mpiru ndi nyemba. Chimanga cha m'sitolo kuno n'chachikasu ndiponso chotsekemera ngati achithira shuga, moti munthu wokula ndi mondokwa sangachitche chimanga. Makasu tinabwera nawo m'masutikesi, mipini n'kupezera konkuno.

Bungwe lathu linali ndi komiti yaikulu, koma ukulu wake unali wa dzina lokha. Poyambitsa bungwelo, tauni iliyonse inkaopa kulamulidwa ndi inzake. Choncho tinagwirizana kuti nthambi iliyonse izidziyendetsera zake, ndipo komiti isachite kanthu pokhapokha nthambi zonse zitatu zitavomera. Atcheya athu anali bambo wophunzira, waulemu, wa ntchito ya makompyuta, katswiri potsegula msonkhano ndi pemphero lalitali. Mphamvu imene tinawapatsa inali yopempha basi. Akati tibwere Loweruka tidzakonze mpanda, a ku Derby ankati ali pa shifiti, a ku Corby ankati n'kutali, ife a ku Leicester tinkafunsa chifukwa chake nthawi zonse timakhala ife. Mpandawo unagwa, ndipo tinkangoulumpha.

Chigawo choyandikana ndi changa chinali cha banja lina la ku Normanton, dera la ku Derby. Amayiwo anali nesi wopuma kumene pa ntchito, ndipo ndinkawatchula achemwali ngakhale sitinali pachibale. Ndi iwo amene anandilandira nditangofika m'dziko muno ndili ndi juzi yopyapyala, n'kundiphunzitsa kukwera basi ndi kuyankha mabwana a kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito mpaka lero. Amuna awo anali dalaivala wa basi, munthu wosalankhulalankhula, wokonda khasu kuposa mpando. Chaka chimenecho chimanga chawo chitangomera n'kuyamba kubiriwira, bamboyo anagwa m'bafa m'mawa, ndipo ambulansi inafika atatisiya kale.

Tinakhala pa maliro m'kanyumba kawo kopanikizana ka ku Normanton, amayi m'chipinda chochezera, abambo ataima pakhonde n'kumasuntha aliyense woyenda mumsewu akafuna kudutsa. Tsiku lonyamuka ndi thupi kupita kumudzi, achemwali anandigwira dzanja. Anati akakhala kumudzi mpaka zonse za maliro zitatha, ndipo akadzabwera akufuna adzapeze chimanga chija chili chiimire, adzathyole okha, chifukwa n'chomaliza chimene amuna awo anadzala. Ndinawauza kuti adzachipeza. Ndinanena ndi mtima wonse, ndipo kuyambira tsiku limenelo chimanga chimenecho ndinachitenga ngati nkhani yanga.

Apa m'pamene zinayambira kusokonekera. Kwathu ndinakula ndikudziwa kuti zinthu za malemu sizikhudzidwa mpaka eni maliro atakhala pansi n'kumasula. Zovala zake, njinga yake, munda wake, zonse zimadikira. Sindingathe kunena amene anandiphunzitsa zimenezi, ndinangokula nazo. Tonse m'munda muja tinali anthu opemphera, ena ndi madikoni, ndipo mukanatifunsa tikanaseka n'kunena kuti zimenezo n'zachikale. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anapondamo m'chigawo chija. Tinkapalira zathu mpaka m'malire, n'kutembenuka. Ngakhale njira yopita ku mpopi inasintha, anthu n'kumazungulira kutali ndi zidebe zawo. Ine ndinkaima m'malire n'kumachiyang'ana chimangacho, ndikudziuza kuti ndikuchisunga.

Dziko lino lili ndi chitsamba china chaminga, chotulutsa maluwa ofiirira. Chikakhwima chimatulutsa timbewu touluka ngati thonje, ndipo mphepo ikawomba timafalikira minda yonse yoyandikana. Alimi a kuno amadana nacho koopsa. M'chigawo cha malemu chinamera mwaufulu, n'kukula kupitirira chimanga. Dzuwa la chilimwe litalimba, maluwa aja anayamba kuyera kunsonga.

Mwini munda anafika Lamlungu lina masana tikuchokera kutchalitchi. Anali nkhalamba yofiira nkhope, ya nsapato zamphira, yosadziwa kuzungulira polankhula. Analoza mingayo, analoza tirigu wake kuseri kwa mpanda, n'kunena kuti pofika Loweruka madzulo asadzaione. Akadzaipeza, chaka chamawa munda wonse autenga. Atcheya anavomera ndi mutu kambirimbiri, n'kulonjeza kuti komiti ikhala pansi.

Komitiyo inakhaladi pansi, pa foni. Sabata imeneyo foni yanga inkangolira m'thumba la yunifolomu ndikusambitsa okalamba. Atcheya analemba kuti popeza banjalo ndi la nthambi ya ku Derby, a ku Derby ndiwo ayambe kulankhula. Mtsogoleri wa ku Derby anayankha kuti nkhani ya maliro ndi ya akuluakulu, si ya nthambi. Akuluakuluwo anati wamasiye safunsidwa za munda misozi isanaume. Wina anati tipemphe mwini munda atiwonjezere nthawi, koma panalibe amene anali ndi udindo wokalankhula naye m'dzina la tonse, chifukwa kuti munthu atumidwe pankafunika nthambi zitatu zivomere. Ena anatumiza mavesi. Ena anatumiza zithunzi za manja opemphera. Ine ndinalemba kuti chimanga cha malemu chisakhudzidwe, ndipo ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu.

Lachisanu masana ndili pa buleki, anandiimbira mayi wina wa ku Zambia amene anakwatiwa ndi Mmalawi ku Corby, wogwira ntchito yolongedza katundu m'nyumba zazikulu zosungiramo katundu za kumeneko.

"Imwe, simunamvele?" anatero, akunong'ona ngati wabisala kuseri kwa makatoni. "Mailo kuseni thirakita ibwela. Babuka kudala. Bazagaula vonse, minga na milisi pamozi, ploti bapase banja ina yamene ili pa laini."

M'Chinyanja chake cha ku Zambiacho ankatanthauza kuti mawa lake m'mawa thirakitala idzagaula minga ndi chimanga chomwe. Amene anabuka thirakitalayo anali mtsogoleri wa nthambi ya ku Corby, bambo wamkulu thupi, woyendetsa malole, wosazolowera kudikira munthu. Anaona kuti komiti sichita kanthu, n'kungoganiza yekha ndi anthu ake. Ndinaimbira atcheya nthawi yomweyo.

"Atcheya, mwamva zimene a ku Corby akufuna kuchita? Aletseni."

"Amayi, ndamva, ndipo ndakhumudwa kwambiri. Koma konsitichushoni yathu siindipatsa mphamvu yoletsa nthambi. Ndingathe kuwapempha."

"Ndiye apempheni."

"Ndawapempha kale. Sakuyankha foni."

Ndinadula ndisanalankhule mawu oti ndikalape nawo Lamlungu. Ndinakwiya kwambiri, ndipo mantha analiponso, chifukwa ndinkaona nkhope ya achemwali akutsika basi n'kupeza dothi lokhalokha. Madzulo amenewo ndinaimbira amayi onse amene ndinkawadziwa kuti ali ndi khasu, a ku Braunstone kuno ku Leicester ndi a ku Normanton. Sindinawapemphe mwaulemu. Ndinawafunsa ngati angakonde kuti tsiku lawo likadzafika, anzawo adzagaule thukuta la amuna awo iwo ali kumanda.

M'mawa wa Loweruka tinakwera basi yoyamba. Ena anali atangoweruka kumene, zitenje atamanga pamwamba pa yunifolomu, maso ali psuu. Makasu tinawakulunga m'matumba kuti dalaivala asatifunse zambiri. Ine m'chikwama ndinali nditanyamula tcheni chokhomera njinga ya mwana wanga, ndipo sindinauze aliyense mpaka titafika.

Geti la munda ndi lachitsulo, ndipo ndi lomwelo limene mwini munda amadutsira popita ku minda yake ya kumtunda. Ndinalikoka, ndinazunguliza tcheni, n'kukhoma loko. Mayi wina wa ku Derby anandigwira mkono.

"Asisi, geti ili si lathu. Akatiitanira apolisi? Ine viza yanga ndikurinyuwa chaka chino."

Yanganso inali chimodzimodzi. Ambiri a ife tili m'dziko muno chifukwa cha pepala la abwana a kuntchito, ndipo dzina likangolembedwa kupolisi, ntchito yosamalira anthu imatha, pepala n'kutha nalo limodzi. Tonse tinkadziwa zimenezo. Kiyi ndinamuponya m'kamisolo, n'kukhala pansi nditatsamira getilo. Anzanga anakhala m'mbali mwanga mmodzimmodzi, makasu ali pamiyendo.

Thirakitala tinaimva isanaoneke. Inatulukira pa kona ya mpanda wa zitsamba, yaikulu kuposa mmene ndinkaganizira, makasu ake achitsulo atakwezedwa m'mwamba kumbuyo. Patsogolo pake panali galimoto ya bambo wa ku Corby, yodzaza ndi anthu ake. Thirakitala inaima pafupi kwambiri moti kutentha kwa injini kunkatifika kumaso. Woyendetsayo, mzungu wa ntchito yake, sanazimitse. Anangotiyang'ana ali m'mwambamo n'kuyamba kudya sangweji.

Bambo wa ku Corby anatsika n'kumenyetsa chitseko.

"Amayi, mukuchita chiyani apa? Tsegulani geti."

"Sititsegula."

"Mukudziwa kuti lero ndi dedilaini? Minga ija ikakhalapo madzulo ano, tonse tiluza munda. Inu, ine, ana athu. Chifukwa cha ploti imodzi."

"Ploti imeneyo ili ndi mwini wake."

"Mwini wake tinamuika m'manda. Ine ndinanyamula nawo bokosi mpaka ku eyapoti, musandione ngati chinyama. Sabata yonse mwakhala mukutumizirana mavesi. Ndani wachitapo kanthu? Inuyo mwazulapo munga ndi umodzi womwe?"

Funso limenelo linandilasa, koma pamenepo sindikanavomera. Ndinamuuza kuti thirakitala ikafuna kulowa iyambe yagaula ine. Amayi anayamba kuyankhira m'mbali mwanga, anthu a ku Corby nawo anayamba kukweza mawu. Mwamuna wina anatsegula buti ya galimoto n'kutulutsa chitsulo chodulira maloko. Atayandikira geti, amayi onse anaimirira nthawi imodzi, makasu m'manja. Palibe amene anakweza khasu, koma palibenso amene analiika pansi. Mwamunayo anaima.

Atcheya anafika pa nthawi imeneyo, atavala jekete ya suti ndi nsapato zoyera. Analowa pakati pathu manja ali m'mwamba.

"Abale ndi alongo, chonde, tiyeni tikhale pansi tikambirane. Ndikupempha mbali zonse ziwiri."

"Atcheya, auzeni atsegule," anatero wa ku Corby.

"Atcheya, auzeni abweze thirakitala," ndinatero ine.

Anayang'ana uku, anayang'ana uko, n'kutulutsa kampango kupukuta magalasi. Ndinawamvera chisoni pang'ono, koma mkwiyo unali wambiri kuposa chisonicho. Tinawasankha tokha, n'kuwamanga manja tokha, ndiye lero tonse tinkafuna atiwombole.

Phokoso lija linafika kunyumba ya mwini munda. Anabwera pa kanjinga kake ka mawilo anayi, galu akuthamanga pambuyo. Anayang'ana thirakitala, anayang'ana amayi a makasu, kenako maso ake anaima pa tcheni chija. Nkhope yake inafiira kuposa kale. Anatulutsa foni m'thumba n'kuigwira m'manja, osaimba, koma chala chili pomwepo. Anafunsa kuti wakhoma geti lake ndani. Ndinamva mayi wa viza uja akupumira m'mwamba pambali panga. Ndinati ndine, ndipo mawu anga anatuluka aang'ono ngati a mwana.

Sanandikalipire. Anafunsa funso lina, loti wamkulu pano ndani, munthu mmodzi amene angalankhule naye mawu ake n'kukhala omaliza. Tonse tinayang'ana atcheya. Atcheya anayamba kufotokoza m'Chingerezi chawo chabwino za nthambi zitatu ndi kugwirizana kwa onse. Mzunguyo anawadula n'kufunsa ngati angathe kulamula kuti geti litsegulidwe. Anati ayi. Anafunsa ngati angathe kubweza thirakitala. Anati ayi. Nkhalambayo inapukusa mutu n'kunena kuti ndiye kuti yakhala ikubwereketsa munda wake kwa anthu opanda mutu, ndipo ikuona kuti apolisi okha ndiwo angathetse zimenezi. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindidzawaiwala. Tinali anthu akuluakulu, osamalira odwala a dziko lino usana ndi usiku, koma kudzilamulira pa kamunda ka chimanga kunatikanika.

Amene anatipulumutsa anali mayi wa ku Zambia uja. Anali atabwera m'galimoto ya a ku Corby, ndipo nthawi yonseyi anangoima kumbuyo atapinda manja.

"Manje imwe bonse," anatero mokweza, "mwabafunsa bene ba munda? Bali na foni, si so? Olo ku Malawi kulibe netiweki?"

Wina anayamba kunena zoti wamasiye safunsidwa, koma mawu ake anathera m'kamwa. Onse anatembenukira kwa ine, chifukwa ankadziwa kuti nambala ya kumudzi ndinali nayo. Atcheya anapempha mwini munda kuti adikire pang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba pempho lawo linagwira ntchito. Wa thirakitala anazimitsa injini.

Ndinaimba nambala ya achemwali. Foni inaitana nthawi yaitali. Anayankha mwana wa mlongo wawo, n'kuthamanga nayo, ife tikumva mapazi ake ndi nkhuku zikulira. Ndinaika mokweza kuti onse amve. Ndinapereka moni, ndinafunsa za kumudzi, ndinapepesa chifukwa chowavutitsa pa nthawi yotere. Kenako ndinafotokoza za minga, za mwini munda, ndi kuti sitinafune kulowa m'chigawo cha malemu iwo asanamasule.



"Mukuti chiyani, amayi?" anatero achemwali. "Simunapalire? Nthawi yonseyi?"

"Timadikira inu, achemwali. Timati zinthu za malemu..."

"Kwathu kuno munthu akaferedwa, anzake amatenga makasu n'kukamupalirira asanapemphe n'komwe. Munda wa amayi anga kuno anthu a mpingo anaukonza ine ndisanafike. Ine ndimagona mtima uli m'malo, ndimati kuli abale anga kumeneko, chimanga cha abambo chikusamalidwa." Anapuma kaye, ndipo tinamva akumina. "Lowanimo, chonde. Amuna anga sanali munthu wolusa ali moyo, sangayambe lero."

Palibe amene anayang'ana mnzake. Ndinatulutsa kiyi m'kamisolo anthu onse akuona, n'kutsegula loko. Mwini munda atamva tanthauzo la zimene zinanenedwazo, anabweza foni m'thumba. Anati nthawi imene anatipatsa ikadali madzulo omwewo, minga izulidwe ndi mizu yomwe n'kuikidwa m'matumba kuti timbewu tisauluke. Anawonjezera kuti chaka chisanathe akufuna timubweretsere munthu mmodzi wokhala ndi mphamvu zenizeni, apo ayi tikafune munda kwina. Thirakitala inabwerera chambuyo mpaka pa kona, chifukwa panalibe potembenukira.

Tinayenda gulu lonse mpaka m'malire a chigawo chija, ndipo pamenepo tinaimanso. Ndikunena zoona, ngakhale mwini wake anali atamasula, ndinaopabe kupondamo. Amene anayamba kulowa anali bambo wa ku Corby yemwe uja. Sanatenge khasu kapena magolovesi. Anagwira chitsamba chachikulu ndi manja ake awiri, anachizula, n'kutukwana pang'ono minga itamulowa. Ndinamutsatira, kenako onse analowa. Atcheya anavula jekete n'kuipachika pa mtengo, ndipo nsapato zawo zoyera zija sizinayerenso. Tinagwira ntchito osalankhulana, a ku Corby mzere uwu, ife mzere winawo, mpaka manja onse anatupa ndi kutuluka magazi. Pansi pa mingayo chimanga chinalipo, chowonda, chachikasu masamba, koma chamoyo. Dzuwa lisanalowe matumba anali ataunjikidwa pa geti.

Patapita masabata angapo tinakumana mu holo ya tchalitchi china ku Braunstone kuti tikonze malamulo a bungwe. Unali msonkhano wautali ndi waphokoso. A ku Derby ankaopa kuti komiti ikapatsidwa mphamvu, a ku Leicester azilamula chifukwa ndife ambiri. A ku Corby ankati bola kulamulidwa kusiyana n'kukhala ngati nkhuku zopanda khola. Mtsikana wina amene anamaliza kumene ku yunivesite anaimirira n'kutiuza kuti ngakhale ku Amereka, dziko lawo lili lanthete, alimi anaukira, boma lalikulu n'kupezeka lilibe asilikali kapena mphamvu zowaletsera, ndipo manyazi amenewo anathandiza kuti akhale pansi n'kulemba malamulo atsopano. Amayi ena anaseka kuti ndiye ife ndi Amereka, koma mfundo yake inamveka.

Tinagwirizana kuti mbali imene ili ndi anthu ambiri ndiyo izipambana, osadikira kuti onse avomere. Atcheya anapatsidwa mphamvu yolankhula ndi mwini munda ndi yoitanitsa tsiku la ntchito, ndipo wojomba popanda chifukwa aziyankha mlandu. Pakagwa maliro, komiti iziimbira banjalo sabata yomweyo n'kufunsa chimene likufuna pa munda wawo. Kumapeto bambo wa ku Corby anaimika dzanja n'kunena kuti palinso lamulo limodzi: aliyense wobweretsa thirakitala payekha, kapena wokhoma geti, alandidwe chigawo chake. Holo yonse inatembenuka kundiyang'ana. Ndinakweza dzanja langa pomalizira penipeni, ndipo sindinalikweze kwambiri.

Achemwali anabwera masamba a mitengo atayamba kugwa, m'mawa kukuzizira kale. Anali ataonda, atavala duku lakuda ndi chikhoti chachikulu cha amuna awo. Ndinakawachingamira ku siteshoni ya sitima n'kukwera nawo basi, ndipo kuchokera pamene basi imathera tinayenda pang'onopang'ono chifukwa bondo linkawavuta. M'njira ndinayesa kuwakonzekeretsa. Ndinawauza kuti chimanga chinapanikizika nthawi yaitali, zitsononkho zake n'zazing'ono, zina zili ndi maso apatalipatali. Anati zilibe kanthu, bola achipeze.

Anachipeza chili chiimire. Nditaona akulowa pakati pa mapesi n'kumawakhudza ndi dzanja, mtima wanga unakhala pansi kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Normanton. Ndinatsala m'malire kuti ndiwapatse mpata. Anathyola chimodzi, anasenda, anachinunkhiza, n'kuchiika m'thumba la chikhoti. Anapitirira choncho mzere ndi mzere mpaka kumapeto kwa chigawo, kumene anaima nthawi yaitali atayang'ana pansi. Kenako anandikodola.

"Taimani apa," anatero. "Tayang'anani mizere iyi kuyambira uko."

Ndinayang'ana. Mizere ya kumayambiriro inali yowongoka, yaitali bwino, yotalikirana mofanana. Cha pakati inayamba kufupika. Ya kumapeto kumene tinaimako inali yokhotakhota, yosaunjikidwa bwino, ndipo womalizira unathera panjira osafika m'malire. Ine ndinali nditapalira mizere yomweyo ndi manja anga, koma sindinaone kanthu.

"Chaka chino sindinabwere nawo kudzalima chifukwa cha bondoli," anatero. "Ankabwera okha. Munthu uyu ndakhala naye kuyambira ndili mtsikana, sanaunge mzere wokhota ndi kamodzi komwe. Apa ankapuma. Apanso ankapuma. Apa analephera kumaliza." Ankaloza ndi phazi malo amodziamodzi. "Akafika kunyumba ndinkawafunsa kuti kumunda kuli bwanji, iwo n'kumati kuli bwino, angotopa pang'ono. Ine nesi, zaka zonsezi ndikuyeza mitima ya anthu osawadziwa. Wa m'nyumba mwanga ndinkangomuikira madzi osamba."

Sanalire mokweza. Anakhala pansi pa mzere wosamalizawo, dothi lozizira lomwelo, n'kuphimba nkhope ndi duku. Ine ndinaima pamenepo manja ali lende. Ndinali nditakhoma geti la mzungu, nditaika ntchito yanga ndi ya anzanga pa ngozi, kuti mayiyu adzapeze munda uwu monga mmene mwamuna wake anausiyira, ndipo anaupezadi wonse. Mpaka lero sindidziwa ngati thirakitala ija sikanawachitira chifundo kuposa ine.

Patapita nthawi anandipempha kuti ndiwathandize kuimirira. Tinathyola chimanga chotsalacho awiriwiri osalankhula, ndipo chonse chinakwana m'thumba limodzi. Ndinafuna kuwanyamulira, koma anakana, ananyamula okha mpaka pokwerera basi.